CINAYAMBA NCITI?

Pamene munthu afotokoza nkhani pabwalo, akulu safuna kumva cimene cinacitika cokha ai. Afunanso kudziwa cimene cinayamba ndi cimene cinatsatira. Mbuzi ikalowa m'munda mwa eni, mlandu ukhala wina ngati mpanda unagwa wokha mbuzi isanafike, ndipo ukhala winanso ngati mbuziyo ndiyo inagwetsa mpanda. Ife m'Cinyanja tiri nayo njira yolongosolera zotere, pakuti timati, "Pamene mbuzi inafika, mpanda unali utagwa kale." Angelezi ali nayonso njira yao, ndiyo kamau kakang'ono kakuti "had". Ndifuna kukuuzani, ana inu, m'mene ndinaphunzirira kamau kameneka mumzinda wa Livingstone, ndi nchito imene kanandigwirira nditakula.

Atate anali a ku Fort Jameson, mzinda umene lero dzina lake ndi Chipata. Anapita ku Livingstone kukagwira nchito ya pa njanji, ndipo ife tinawatsata, tinakhala ku Maramba. Paja akulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pamsika wa Maramba tinali kumva Cilozi, Citonga, Cibemba ndi Cinyanja cathu, koma pa mayeso a Standard 6 cimene cinali kutsegula khomo cinali Cingelezi. Malo m'sukulu za sekondale anali owerengeka masiku amenewo, ndipo mwana wolephera Cingelezi anali kutsala. Cifukwa cake pamene ndinalowa Standard 5 m'caka ca 1958, tonse tinali kuchera khutu kolimba.

Tsiku lina aphunzitsi athu anajambula mzere wautali pa bolodi, wonga njanji, naikapo masitesheni atatu. Ya kudzanja lamanja anaicha Lero, ya pakati Kale, ndi ya kumanzere Kale Lake. Pansi pake analemba ziganizo ziwiri:

"When we reached the station, the train left."

"When we reached the station, the train had left."

Tsono anafunsa kuti, "Ndani mwa anthu awa anaiona sitima?" Ife ana a pa njanji tinaganiza msanga. M'ciganizo coyamba anthu anafika, ndipo sitima inanyamuka iwo alikuona. Anamva kulira kwake, anaona utsi wake. M'caciwiri anapeza njanji yokhayokha, cifukwa sitima inali itapita iwo asanafike. Kufika kwao kuli pa sitesheni ya Kale, koma kunyamuka kwa sitima kuli pa Kale Lake. Nthawi imeneyi ya mneni Angelezi aicha "past perfect", ndipo ifanana ndi mau athu akuti "inali itapita", "anali atafika", "tinali titadya".

Kapangidwe kake nkosabvuta. Mutenga "had", amene sasintha ngakhale wocitayo akhale ine, iwe kapena iwo, ndi kuikapo maonekedwe acitatu a mneni. Pamene pali thukuta ndi pa maonekedwe acitatuwo, pakuti aneni ambiri a Cingelezi satsata lamulo limodzi. Tinali kuwaloweza m'mawa uli wonse monga tiloweza samu: "go, went, gone, see, saw, seen, break, broke, broken, build, built, built." Aphunzitsi anaticenjezanso kuti "had" sali wa cinthu ciri conse cakale. Mumfuna pamene muli ndi zinthu ziwiri zakale, ndipo mufuna kuonetsa cimene cinatsogola.

Kuti tizolowere, sanatipatse ziganizo za m'buku zonena za maiko amene sitinawaone. Anatipatsa zaka za mzinda wathu womwe, nati tizilumikize ziwiriziwiri. Anatiuza kuti poyamba Azungu anamanga pa dooko la Old Drift, m'mphepete mwa Zambezi kumtunda kwa mathithi, kumene anthu anali kuoloka pa mabwato. Malowo anali a udzudzu, ndipo malungo anapha ambiri. Njanji yocokera ku Bulawayo inafika pa mathithi mu 1904. Zitsulo za ulalo zinasulidwa ku Darlington m'dziko la England, zinadza pa nyanja kufikira ku Beira, ndi pa njanji kufikira ku Zambezi. Ulalowo, wautali mamita 198, unatsegulidwa pa 12 September 1905, ndipo mzinda watsopano unamangidwa pa mtunda, kutali ndi dambo. Mu 1907 boma linasamuka ku Kalomo kudza ku Livingstone; mu 1911 mzindawu unakhala likulu la Northern Rhodesia yense; mu 1935 likulu linapita ku Lusaka.

Mnzanga wina analemba kuti, "Before the town was built, many people had died at the Old Drift." Ine ndinalemba kuti, "When I was born, the Governor had moved to Lusaka." Koma ciganizo cimene cinatikhalitsa cete cinali ca mtsikana wina wa kutsogolo: "When the bridge was opened, Rhodes had died." Cecil Rhodes ndiye anafuna kuti ulalo umangidwe pafupi ndi mathithi, kuti nkhungu ya madzi izigwa pa ngolo za sitima. Anamwalira mu 1902, nchito isanayambe, ndipo mathithiwo sanawaone ndi maso ake. Zonsezi mtsikanayo anazinyamula m'kamau kamodzi.

Sabata yotsatira tinafika pa caka ca 1855. Buku lathu la mbiri linanena kuti pa 16 November caka cimeneco David Livingstone anatulukira mathithi a Victoria. Aphunzitsi anawerenga mauwo, natseka buku, nafunsa kuti, "Kodi anapalasa yekha bwato?" Tinati, "Iai, aphunzitsi." Anati, "Nanga anampalasira ndani?" Panalibe wodziwa. Pamenepo anatiuza kuti anali Makololo, anthu a mfumu Sekeletu, amene anamtenga m'bwato kufikira pa cisumbu ciri pamlomo penipeni pa phompho. Iwo njira anali kuidziwa, ndipo dzina analinso nalo, ndilo Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena utsi wogunda. Tsono anatilembetsa kuti:

"When Livingstone saw the Falls, the Makololo had already named them."

Sanalekere pomwepo. Anatalikitsa njanji ija ca kumanzere, nati Makololo nawonso anali alendo ocokera kum'mwera, amene anapeza Aleya, anthu a mfumu Mukuni, atakhala kale pamenepo, ndipo m'cinenero cao mathithiwo ndiwo Shungu Namutitima. Anatalikitsanso mzere kufikira kumapeto a bolodi, natikumbutsa za miyala yosemedwa iri m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda mwathu, imene inayambidwa mu 1934. Mkulu wa nyumbayo masiku amenewo, J. Desmond Clark, anafufuza zida zamiyala zopezeka pafupi ndi mathithi, zimene anthu anasema zaka zikwi zambirimbiri zapitazo. Aleya asanafike, ena anali atamwa kale madzi a Zambezi.

Musaganize kuti aphunzitsi athu anali kunyoza Livingstone. Anatiuza kuti iye mwini analemba dzina la Mosi-oa-Tunya m'buku lake, ndi kuti analimbana ndi malonda a akapolo kufikira imfa yake kwa Chitambo mu 1873, pamene Susi ndi Chuma ndi anzao ananyamula mtembo wake kufikira kunyanja. Ena mwa Makololo amene anayenda naye anatsala m'cigwa ca Shire, m'dziko la Malawi, nakhala mafumu pakati pa Amang'anja. Cimene aphunzitsi anafuna ndi cakuti ali yense akhale pa sitesheni yake. Livingstone anali Mzungu woyamba kuona mathithi ndi kuuza anthu a kwao. Ulemu umenewo ngwake. Koma pamene anafika, eni dziko anali atafika kale. Popanda "had" nkhani ikanamveka ngati mtsinje unali kugwa wokha popanda wouona kufikira tsiku limenelo.

Maonekedwe acitatu aja ali ndi nchito inanso, ndiyo kufotokoza cinthu, monga acitira mau athu akuti "cosweka" kapena "cophika". Ali ndi mbale wake wothera ndi "-ing". Pano aphunzitsi anatenganso maina awiri amene tinali kuwamva masiku onse. Sitima ya kumpoto inali kupita ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. Ndipo kunsi kwa mathithi, pamene madzi onse a mtsinje waukulu mamita 1,708 apanikizana m'mpata waung'ono, pali dziwe lozungulira lochedwa Boiling Pot. "Boiling" ndiye mphika umene ulikuwira tsopano lino. "Broken" ndilo phiri limene lasweka kale. Cimodzimodzi "falling water" ndiwo madzi alikugwa, koma "a fallen tree" ndiwo mtengo wogona pansi. Wa "-ing" anena cimene cicita. Winayo anena cimene cacitidwa kapena catha kucitika.

Pa mau onena za mumtima mpamene ana ambiri amapunthwa, koma inu odziwa Cinyanja muli ndi ndodo yoyendera. Ife timasiyanitsa ulendo wotopetsa ndi munthu wotopa, nkhani yodabwitsa ndi munthu wodabwa, cirombo coopsa ndi mwana woopa. Angelezi asiyanitsa comweco: "tiring" ndi "tired", "surprising" ndi "surprised", "frightening" ndi "frightened". Cimene cidzetsa mantha citenga "-ing". Amene agwidwa ndi mantha atenga "-ed". "The crocodile is frightening, the fisherman is frightened." Mukasinthanitsa mau awiriwo, mwaika ng'ona m'bwato ikunjenjemera, ndi msodzi m'madzi alikuopseza.

Nditatsiriza sukulu ndinalembedwa nchito yomasulira mau pa bwalo lina la milandu. Kumeneko ndinaona kuti zimene tinali kuyesa masewera a pa bolodi zikhoza kumanga munthu kapena kummasula. Tsiku lina anadza ndi nkhalamba ya ku Petauke, mlonda wa pa sitolo ina, imene mbala inaswa usiku wa mvula. Mau ake oyamba anali atalembedwa kale m'Cingelezi ndi munthu wina, ndipo papepalapo panali ciganizo cakuti, "When I came, the thief ran away." Woweruza anawerenga, nafunsa kuti mbalayo inali yotani, yaitali kapena yaifupi, ndipo inabvala ciani. Nkhalamba inati siinaione. Woweruza anakwinya nkhope, pakuti pepala linali kunena kuti mbala inathawa mlonda alikuona. Munthu amene aona mbala nakana kuifotokoza, anthu amyesa mnzake wa mbalayo.

Ndinapempha cilolezo cakuti mlondayo anenenso nkhani yake kuyambira paciyambi. Ndinati kwa iye, "Atate, musafulumire. Nenani monga munaonera." Iye anati, "Mwana wanga, ine ndinali kuseri kwa nyumba, kumene kuli nkhokwe ya katundu. Mvula inali kugunda pa malata. Pamene ndinafika kukhomo, mbala inali itathawa. Ndinapeza citseko cothyoka, basi." Ndinamasulira kuti, "When I came to the door, the thief had run away. I found a broken door." Woweruza anandifunsa kawiri ngati mau a Cinyanjawo atanthauzadi "had run", ndipo ndinamfotokozera za "inali itathawa". Anafunsanso mboni zina, napeza kuti nkhani yao igwirizana ndi ya mlonda. Madzulo ake nkhalamba inapita kwao kukadya nsima ndi ana ake. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa; wolemba pepala uja anamva bwino, koma anataya kamau kamodzi panjira.

Tsono inu mufuna kuzolowera bwanji? Musadikire buku lokha. Madzulo ano funsani amai, atate kapena agogo zaka za banja lanu: caka cimene anasamuka, caka ca njala, caka cimene munabadwa inu. Zilembeni pa mzere monga masitesheni, ndipo zilumikizeni ziwiriziwiri, poyamba m'Cinyanja, pambuyo pake m'Cingelezi. Ikanipo ndi tsiku la 24 October 1964, pamene Zambia analandira ufulu, ndipo funsani kuti ndani m'banja mwanu anali atabadwa tsiku limenelo. Poyenda panjira chulani zimene muona: galu wouwa, nsapato yong'ambika, mwana wolira, nyumba yomangidwa kumene, ndi kudzifunsa kuti, "Kodi ici cicita, kapena cacitidwa?" Ziganizo zisanu pa tsiku zikwanira. Pakutha pa mwezi mudzakhala nazo zoposa 100, ndipo mbiri ya kwanu idzakhala italembedwa m'dongosolo lake.

MAFUNSO

1. Kodi "the train left" ndi "the train had left" asiyana bwanji?
2. Chulani maina atatu a mathithi a pa Zambezi, ndi anthu amene anapereka dzina liri lonse.
3. Ncifukwa ninji woweruza anakayika mau a mlonda uja poyamba?
4. Masulirani m'Cingelezi: Pamene tinafika kumunda, anyani anali atadya cimanga. Ulendo unali wotopetsa, ndipo ana anali otopa.