ULALO WA MIZU KU MAPIRI A AKHASI

Banja lina la ku Kolkata, bambo, mayi ndi ana awiri, linapita kutchuthi ku Meghalaya, chigawo cha mapiri kumpoto chakum'mawa kwa India, kumalire ndi Bangladesh. Kumeneko ndi kwawo kwa Akhasi.

Atagona ku Shillong, likulu la chigawochi, anakwera galimoto mpaka ku Sohra, komwe ena amati Cherrapunji. Mvula ya kumeneko imaposa mamilimita 11,000 pachaka. Ulalo wa mitengo yodula sukhalitsa: ukapanda kuola, madzi amaukokolola, mudzi n'kutsala wopanda njira.

Kuti afike m'mudzi wa Nongriat anatsika masitepe pafupifupi 3,000, mawondo a mayi akunjenjemera. Kumunsi anapeza ulalo wamoyo, wosanjikana pawiri. Akhasi amakoka mizu ya mtengo wa mtundu wa kachere, nailondolera ndi nsungwi mpaka ioloke mtsinje. Zimatha zaka 15 kapena kuposa kuti ulalowo unyamule munthu, koma ukamakula umanka ulimbirabe.

Madzulo analandiridwa panyumba ina. Anamva kuti ana kumeneko amatenga dzina la fuko la mayi awo, mwamuna amakakhala kwa mkazi monga chikamwini cha Achewa, ndipo chitsirizira wamkazi ndiye amasunga nyumba ya makolo.

Pokwera kubwerera, mwana wamng'ono anafunsa amene anamanga ulalowo. Wowaperekeza anati agogo omwe anayamba ntchitoyo anamwalira kalekale, koma zidzukulu zawo zikuolokabe pomwepo, dzinja lililonse.