Ku Angónia: Thumba Limodzi, Ndalama Ziwiri

Munthu wokwera basi kuchoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu akasuzumira pa zenera la kudzanja lamanja amakhala akuona dziko la eni. M'malo ambiri msewu wa M1 ndiwo malire, ndipo minda ya chimanga ndi mbatata ya kachewere imene ikuoneka tsidya linalo ili m'mapiri a Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kumeneko kumazizira ngati ku Dedza komwe, nthaka yake ndi yachonde, ndipo anthu ake ndi Angoni ndi Achewa amene abale awo ali ku Malawi.

Chimene chimasiyanitsa abalewa ndi cha m'thumba. Pa msika wa Lizulu, pa chipata cha Calómuè ngakhalenso m'tauni ya Ulónguè, malonda asanatheke pamayamba pamveka funso lakuti mulipira ndalama iti, kwacha kapena metikali. Anyamata osintha ndalama amakhala chapafupi, mipukutu iwiri ili m'manja, ndipo mtengo wa tsikulo amaudziwa pamtima.

Ndalama ziwirizi sizinabadwe tsiku limodzi. Kwacha inayamba mu 1971 kulowa m'malo mwa paundi, ndipo paundi imodzi inkasinthidwa ndi K2. Metikali inabwera pa 16 June 1980 kulowa m'malo mwa escudo ya Apwitikizi, imodzi kwa imodzi. Dzina lakuti metikali linachokera ku muyeso umene Aluya ankayezera golide kale. Apwitikizi nawo anasiya mau awo pakamwa pa anthu: liu lakuti makobiri linachokera ku "cobre", kutanthauza mkuwa, ndipo escudo 1,000 zinkatchedwa kontu.

Metikali inakulira m'nkhondo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta m'zaka za m'ma 1980, midzi yambiri ya ku Angónia inasanduka mabwinja. Malawi analandira othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri anakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mu January 1987 boma la Mozambique linatsitsa mphamvu ya metikali: dola imodzi ya ku America, imene inkagulidwa ndi mametikali pafupifupi 40, inafika pa 200, ndipo chaka chisanathe inapitirira 400.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anabwerera kwao ali ndi makwacha m'mipango. Masitolo anali atapsa, mzinda wa Tete uli kutali, pamene sopo, mchere, feteleza ndi chigayo zinali pafupi, kungodumpha msewu. Tsono mlimi ankakonda kulandira kwacha pogulitsa mbatata ndi nyemba zake, pakuti ndiyo inkagula kanthu. Masiku amenewo kwacha ndiyo inali mfumu m'mapiri amenewa.

Pofika mu 2006 dola imodzi inkafuna mametikali oposa 25,000, mwakuti wogulitsa ng'ombe imodzi ankawerenga mamiliyoni. Pa 1 July chaka chimenecho banki yaikulu ya Mozambique inachotsa maziro atatu: mametikali 1,000 akale anasanduka metikali imodzi yatsopano, ndipo ndalama zapepala zinatuluka ndi nkhope ya Samora Machel. Koma pakamwa sipasintha msanga ngati pepala. Anthu ambiri anapitiriza kutchula metikali yatsopanoyo kuti kontu, monga anazolowera.

Nayo kwacha siinaime. Boma la Malawi linaisiya kuti iziyenda ndi msika mu February 1994, ndipo inayamba kutsetsereka. Mu May 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, kenaka mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Metikali inapunthwanso mu 2016, zitadziwika za ngongole zachinsinsi zokwana pafupifupi madola mabiliyoni awiri: dola inachoka pa mametikali 45 n'kupitirira 75. Koma inadzuka, ndipo kuyambira mu 2021 inakhazikika zaka zingapo pafupi ndi 64.

Masamu ake pa malire ndi awa. Mu 2007 metikali imodzi inkagula pafupifupi K5. Mu 2024, pa mtengo wa kubanki, inkagula pafupifupi K27, ndipo kwa anyamata a pa msika inkadula kuposa apo. Mlimi wa ku Dómuè amene anasunga K100,000 m'chitini mu October 2023 anali ndi ndalama yofanana ndi mametikali pafupifupi 5,400. Patangopita mwezi umodzi, chitini chisanatsegulidwe, mapepala omwewo anali ngati 3,800 basi. Palibe mbala imene inalowa m'nyumba, koma thukuta la nyengo yonse linachepa.

Ichi ndicho chifukwa chake zinthu zinatembenuka. Mmalawi wokagula chimanga tsidya linalo chaka cha njala amapeza kuti kwacha yake ikulandiridwa monyinyirika, kapena mtengo ukukwezedwa pofuna kudziteteza. Kwa mayi amene wayenda kuchokera ku Ntcheu ndi thumba lopanda kanthu pamutu, kusiyana kumeneku ndi ndowa imodzi ya chimanga, chakudya cha ana cha masiku angapo.

Akuluakulu a ku Angónia, amene anagwirapo escudo, metikali yakale, yatsopano ndi kwacha, anaphunzira kusakhulupirira pepala. Akagulitsa mbatata amafulumira kugula malata, mbuzi, njinga kapena feteleza. Ndalama imene yatsala amaigawa pawiri, ina kuthumba la kumanja, ina la kumanzere, pakuti anaona ndi maso awo kuti imene ikulamulira lero mawa ikhoza kugwada.