Mwana asakulire m'nsapato

Mdzukulu wanga atangoyamba kuyenda, mpongozi wanga anamugulira nsapato zolimba, zodula ndithu. Kukacha ankamuveka, n'kudzamuvula pogona. Tsiku lina ndinamuvula mwanayo kuti ayende pakhonde. Mayi ake nkhope inagwa.

"Amayi, anthu aziti tikusauka," anatero.

Ndinamumvetsa. Ifenso tinakula tikupita kusukulu osavala nsapato, ndipo manyazi ake ndikuwadziwa. Koma phazi la mwana silidziwa za manyazi. Phazi la munthu wamkulu lili ndi mafupa 26, pomwe la khanda mafupa ake amakhala anthete. Limalimba likamagwira ntchito: zala zikamatambasuka, zikamagwira pansi. Nsapato ntchito yake n'kuteteza, osati kuphunzitsa mwana kuyenda.

Tinagwirizana zomasewera naye madzulo pamkeka. Atakula pang'ono, ndinkamuuza kuti tiyende monyang'ama ngati mphaka, kenaka tiyendere zidendene. Ndinkakweza mpira m'mwamba kuti aufikire ataimira zala. Nthawi zina ankatola kansalu ndi zala za kumapazi. Mphindi zochepa basi, akatopa tasiya. Timiyala ndi zitsekerero za mabotolo ayi, mwana wamng'ono angameze.

Phazi lake likamaoneka lathyathyathya musade nkhawa. Mwa ana ambiri limayamba kukumbika lokha pofika zaka 6.

Komabe pali malo ofunika nsapato. Kufupi ndi chimbudzi, nyongolotsi zina za m'mimba zimalowera pakhungu la kuphazi n'kumamutha mwana magazi. M'fumbi losasesa muli matekenya, kumsewu kuli minga ndi magalasi. Kumeneko muvekeni nsapato zofewa, zosathina.

Chenjezo lina ndinaliphunzira mowawa. Ndili namwino wachitsikana, mayi wina anandidandaulira kusikelo kuti mwana wake amangoyendera zala. Ndinamuyankha kuti adzasiya yekha. Anabweranso mwanayo atakula, mtsempha wa kuchidendene utauma. Mpaka lero zimandiwawa.

Kunyang'ama kwa masewera n'kwabwino, ndipo ana ambiri ongoyamba kuyenda amatero. Koma ngati wapitirira zaka 2 akuyenderabe zala nthawi zonse, kaya ndi mwendo umodzi wokha, kaya chidendene chikukana kufika pansi, pitani naye kuchipatala msanga. Akangokuuzani kuti adzasiya, pemphani kuti amupime bwinobwino.

Mdzukulu uja pano ali sitandade 2. Nsapato amavala popita kusukulu ndi kutchalitchi. Akafika pakhomo, amene amamukumbutsa kuvula ndi mayi ake omwe aja.