Yisiti poyamba, hops pambuyo

Agogo anga aakazi ankafulula masese ku Ntcheu, ndipo mbiya yawo ya mowa sankalola kuti munthu aitsuke ndi sopo. Ankangoitsukuluza ndi madzi n'kukaivundikira kuseri kwa nkhokwe. Ukawafunsa ankati, "Mwanawe, mbiya imeneyi ikuidziwa ntchito yake." Ine ndinkayesa ndi zikhulupiriro za akuluakulu. Ndadzazimvetsa ndili kale ndi imvi, kuno ku Derby, ku Mangalande, kumene ndakhala ndikufulula mowa wa pale ale m'galaja kwa zaka 9. M'timing'alu ta dongo la mbiya ija munkatsalira yisiti wa mowa wapitawo, ndipo ndi yemweyo ankadzutsa mowa watsopano. Agogo anali atasankha kale yisiti wawo, ngakhale dzina lake sankalidziwa.

Pale ale kwawo n'konkuno. Ukakwera basi mu Derby, ola lisanathe wafika ku Burton upon Trent, tawuni imene inatchukitsa mowawu. Madzi a m'zitsime za kumeneko ali ndi gypsum wambiri, mchere wa m'miyala umene umachititsa kuti kuwawa kwa mowa kumveke bwino pa lilime, osakakamira pakhosi. Fakitale ya Bass inayamba kumeneko mu 1777. Pale ale ndi woyera, wofiirira pang'ono ngati uchi, ndipo zopangira zake ndi zinayi basi: madzi, chimera cha balere, hops ndi yisiti. Za madzi ndi chimera ndinathana nazo kalekale. Pa malita 23 ndimatenga makilogalamu 4.5 a chimera cha Maris Otter ndi magalamu 250 a chimera chokazinga chotchedwa crystal, n'kuchiviika ola limodzi m'madzi a madigiri 66, ndipo sindisinthasintha. Zimene ndimakhalira pansi n'kuziganizira ulendo uliwonse ndi ziwiri zotsalazo.

Alendo onse olowa m'galaja muno amayamba kufunsa za hops, ndipo sindiwadabwa, poti ndi amene amanunkhira. Hops ndi maluwa a chomera choyanga ngati kalongonda, chimene chimakwera zingwe mpaka mamita 5 kapena 6. Timatenga maluwa a chomera chachikazi okha. Ukalifikisa duwalo m'manja limatulutsa ufa wachikasu womata, ndipo kuwawa konse ndi fungo lonse zili mu ufa umenewo. Kuno amalima ku Kent, ku Herefordshire ndi ku Worcestershire, n'kukolola cha mu Seputembala. Chomerachi chimafuna masiku aatali a nyengo yotentha ya kuno, pamene dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, n'chifukwa chake kwathu sitichiona m'minda. Ngakhale ku George, ku South Africa, anachita kudzipangira mitundu yawoyawo yopirira masiku aafupi, monga Southern Star ndi African Queen.

Duwa lomwelo limagwira ntchito ziwiri, malinga ndi nthawi imene waliponya m'poto. Ukaliponya madzi a chimera atangoyamba kubwata n'kuliphika mphindi 60, limapereka kuwawa, koma fungo lake limapita ndi nthunzi. Ukaliponya uli pafupi kuzimitsa moto, fungo limatsala, kuwawa kumakhala kochepa. Pa paketi iliyonse amalembapo maperesenti a alpha acid, ndipo nambala imeneyo ndiyo ikuuza ukali wa hops awo. East Kent Goldings amakhala cha pa 5, Challenger cha pa 7, Magnum amapitirira 12. Munthu wosalabadira nambalayi amathira magalamu 30 a Magnum pamene panayenera kulowa magalamu 30 a Goldings, mowa n'kuwawa ngati ndulu.

Mitundu ya hops ilipo yambirimbiri, koma kwa wofulula pale ale njira zikuluzikulu ndi ziwiri. Ya kuno ndi ya Goldings ndi Fuggle, hops ofatsa, a fungo la udzu wouma, dothi lonyowa ndi uchi pang'ono. Amamveka bwino pa mowa umene ukufuna kuti chimera chiyankhule. Ya ku America inatseguka ndi Cascade, amene anatulutsidwa ku Oregon mu 1972, ndipo fakitale ya Sierra Nevada, imene inayamba kufulula mu 1980 ku California, inamangira pale ale wake pa iye. Cascade amanunkhira manyumwa ndi maluwa. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti m'magazi mwake muli Fuggle yemweyu wa ku Kent: mdzukulu anakulira kutsidya kwa nyanja n'kubwerako ndi chilankhulo china. Pambuyo pake kunabwera Citra, wa fungo la mango ndi magalagadeya, amene achinyamata amamukonda kwambiri.

Ine ndinakhazikika pa awiri. Challenger magalamu 30 pachiyambi, kuti apereke kuwawa. Cascade magalamu 30 kutatsala mphindi 10, magalamu 40 ndikangozimitsa moto, ndi magalamu 50 ena amene ndimaponya m'ndowa mowa utatha kuwira, n'kuwasiya masiku 3. Ndikawasiya sabata yathunthu mowa umayamba kumveka msipu. Zaka zoyambirira ndinkasakaniza mitundu 5 kapena 6 m'poto imodzi, poganiza kuti kuchuluka kwa mitundu ndiko kukoma. Mowa unkatuluka wa fungo losadziwika mutu wake, ndipo ukakhala kuti sunakome sindinkadziwa kuti walakwitsa ndi uti. Wongoyamba kumene afulule ndi mtundu umodzi wokha, kuyambira pachiyambi mpaka m'ndowa, kuti mphuno yake iudziwe. Akatero kawiri katatu ndi mitundu yosiyana, adzasakaniza akudziwa chimene akufuna.

Pogula, ndimayang'ana chaka chimene anakololedwa ndisanayang'ane mtengo. Hops amadana ndi mpweya, kutentha ndi kuwala. Paketi ikhale yomata bwino, yopanda mpweya m'kati, ndipo ndikaitsegula zotsala ndimazimanga n'kuziika m'firiji, mbali youmitsa. Hops okalamba amasanduka achikasu ndipo amanunkha ngati masokosi ovala masiku angapo. Amenewo ndi otaya, ngakhale unawagula modula. Kuwala kumawononganso mowa umene wapsa kale, n'chifukwa chake mabotolo anga onse ndi abulawuni.

Koma zonsezi zikhoza kupita pachabe chifukwa cha kapaketi ka magalamu 11, kamene anthu amakatola pomaliza, akulipira kale pa kauntala.

Yisiti ndi wamoyo. Amadya shuga wa m'chimera n'kutulutsa ukali wa mowa ndi mpweya, komanso amasiyamo fungo lake, ndipo fungolo limasintha malinga ndi kutentha kumene wagwirira ntchito. Woyamba kupatula yisiti wa mtundu umodzi n'kumulera payekha anali Emil Christian Hansen, ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, mu 1883. Ndi Carlsberg yomweyo imene inadzatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark. Mowa wa ku Blantyre uja ndi lager, wa yisiti wokonda kuzizira kwambiri. Wa pale ale ndi wina, amagwira bwino cha pa madigiri 18 mpaka 20.

Ndimasunga mitundu itatu ya yisiti wouma. US-05 ndi wachete: amadya shuga wambiri, sasiya fungo lakelake, motero Cascade amamveka yense. Vuto lake amachedwa kudikha, mowa umakhala wa mbuu masiku angapo. S-04 ndi wachangu, amatha ntchito msanga n'kukhala pansi pa ndowa gwa, mowa n'kuyera mbee, koma amasiyamo kafungo ka zipatso ndi kutsekemera pang'ono, zimene zimayenda bwino ndi Goldings. Nottingham ndimamutenga m'nyengo yozizira, chifukwa galaja ikatsika kufika madigiri 14 iye amapitirizabe pamene anzake ayamba kuwodzera. Yisiti wa buledi amawiritsa ndithu, poti ndi fuko limodzi, koma sadikha bwino ndipo mowa umamveka mtanda.

Zimenezi ndinkazidziwa m'mutu. Zinadzalowa mumtima mu Julayi 2022. Mwana wanga wamkazi anali ndi chinkhoswe mu Ogasiti, ndipo ndinafuna kuti akuchimuna alawe mowa wa manja anga. Ndinagula Citra watsopano magalamu 150, ndinafulula Lamlungu pa 17, n'kuthira US-05 monga mwa nthawi zonse. Lachiwiri pa 19 dziko lino linatentha kuposa kale lonse: ku Coningsby anayeza madigiri 40.3. Galaja yanga ili ndi chitseko chachitsulo choyang'ana kudzuwa. Ndikubwera kuntchito madzulo ndinapeza m'galaja muli madigiri 31, thovu la m'ndowa litasefukira pansi. Mowa umene umawira sabata unatha m'masiku awiri. Nditaulawa unawotcha pakhosi, ukununkha mankhwala osungunulira penti, ndipo fungo la mango lija linali litakwiririka. Ndinauthira m'mabotolo ndi chiyembekezo choti ukhazikika. Patatha mwezi unali chimodzimodzi. Ndinakhuthula mabotolo 42 m'ngalande, ndipo pa chinkhoswepo alendo anamwa thobwa la amayi akunyumba.

Pafupi nane pamakhala bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito m'mafakitale a mowa ku Burton moyo wake wonse. Nditawafotokozera anandifunsa funso limodzi: "Bambo, masiku onsewa mumayeza kutentha kwa chipinda kapena kwa mowa?" Ndinkayeza kwa chipinda. Yisiti akamagwira ntchito amatulutsa kutentha kwakekwake, moti m'kati mwa ndowa mumatha kuposa kunja ndi madigiri 3 kapena 4. Ndipo masiku atatu oyambirira ndiwo ofunika, chifukwa ndi pamene yisiti akuswana. Akatenthedwa nthawi imeneyo amapanga mitundu ina ya ukali, yolemera, yowotcha, imene ikalowa m'mowa sichokanso.

Kuchokera pamenepo ndinatembenuza dongosolo langa. Ndimayamba ndafunsa kuti ndowa ikakhala pamalo otentha bwanji, kenako ndisankhe yisiti woyenera malowo, kenako hops oyenera yisitiyo. Ndinagula firiji yakale n'kuilumikiza ku kachipangizo kamene kamaiyatsa ndi kuizimitsa kuti ndowa ikhale pa madigiri 18. Wopanda firiji aike ndowa m'beseni la madzi, aifunditse thawulo lonyowa limene nsonga zake zikukhudza madziwo, monga mtsuko umaziziritsira madzi akumwa pakhonde. Zimatsitsa madigiri angapo, ndipo nthawi zambiri angapowo ndi okwanira.

Mwezi watha achimwene anandiimbira kuchokera ku Salima. Apuma pantchito, akufuna kuyesa, ndipo anali atalemba kale mndandanda wa hops woti ndiwatumizire. Ndinawauza kuti ku Salima mu Okutobala US-05 adzawachita zimene anandichita ine. Alipo yisiti wa alimi a ku Norway wotchedwa kveik, ndipo wa ku Voss amagwira bwino pa madigiri 35 mpaka 40, n'kusiya kafungo ka malalanje kamene kamagwirizana ndi Cascade. Alimiwo ankamusunga m'mabanja mwawo, akumuumitsa pa timitengo n'kumapatsirana mibadwomibadwo, monga agogo ankachitira ndi mbiya yawo. Masiku ano amapezeka wouma m'mapaketi, ndipo kwa wofulula wa kunyanja ndi amene ndingamutchule poyamba.

Choncho achimwene, ndi inu nonse amene mukufuna kuyamba, mndandanda wa hops uja uyambe wadikira. Ikani thermometer m'chipinda chimene mudzaikemo ndowa, mulembe kutentha kwa masana ndi kwa usiku masiku 3 otsatizana. Mukakhala ndi manambala amenewo m'manja, ndiye mukagule yisiti.