Kavalo wa ku Finland: thirakitala itamulanda ntchito anapeza ina

Madzulo ena a Lachitatu ndinaima pabwalo la Vermo, kumalire a mizinda ya Espoo ndi Helsinki m'dziko la Finland, manja ali m'thumba, mphuno itauma gwa ndi chisanu. Kunja kunali kutada kale ngakhale 6 koloko inali isanakwane. Mwadzidzidzi gulu la akavalo linadutsa pamaso panga ngati mphepo, aliyense akukoka kangolo ka mateyala awiri, woyendetsa atakhala chotambalala kumbuyo, matope akumuthovukira kumaso. Mdala wina pambali panga anang'amba kapepala kake kobetchera uku akung'ung'udza m'chiyankhulo chawo. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma abale, nkhope ya munthu woluza ndalama ndi imodzimodzi kulikonse.

Mpikisano umenewu eniake amautcha ravit. Kavalo saloledwa kuthamanga chodumpha ayi, amayenera kuponya miyendo mwandondomeko, ndipo akaphonya kwa nthawi yaitali amachotsedwa mumpikisano. Ena mwa akavalo a tsikulo anali aatali ndi owonda, a mtundu wochokera kunja. Koma amene ananditenga mtima ndi ena ojintcha, a khosi lalikulu, ofiirira, ambiri a chenjerere choyererako. Ameneyo ndiye suomenhevonen, kavalo wa eni dziko, ndipo mbiri yake inu a mumsika muimvetsa kuposa wina aliyense.

Kavaloyu poyamba sanali wamasewero. Anali wantchito, monga ilili ng'ombe ya pangolo. Ankalima, ankakoka zipika m'nkhalango nthawi yachisanu, Lamulungu n'kutengera banja kutchalitchi. Kaundula wa mtundu wake anatsegulidwa mu 1907. Pa nkhondo ya Finland ndi Soviet Union mu 1939 mpaka 1940, ndi inanso ya 1941 mpaka 1944, ndi iyeyu amene ankakoka mizinga, chakudya ndi asilikali ovulala m'malo amene galimoto singafike. Masauzande anafera komweko. Pofika cha m'ma 1950 dzikolo linali ndi akavalo pafupifupi 400,000.

Kenaka kunabwera thirakitala. Alimi anagula makina, achinyamata anathawira m'tauni ndi ku Sweden kukafuna ntchito, ndipo kavalo anasanduka katundu wopanda msika amene amadyanso tsiku ndi tsiku. Wamalonda aliyense akudziwa chochita ndi katundu wotere. Ambiri anagulitsidwa kwa opha nyama. Mu 1987 a mtundu umenewu anatsala pafupifupi 14,000 okha. Tangoganizani, kuchoka pa 400,000!

Chinamupulumutsa n'chiyani tsono? Si chifundo chokha ayi. Mu 1971 kaundula uja anagawidwa panayi: kavalo wantchito, wothamanga ndi kangolo, wokwerapo, ndi wamng'ono msinkhu. Kunena mwachimsika, katundu anali yemweyo koma anamupezera makasitomala atsopano.

Kasitomala woyamba anali wobetcha. Ndalama za kubetcha kumene amakutcha Toto zinathandiza kuti mabwalo ndi mphoto zipitirire. Chaka ndi chaka, chakumapeto kwa July kapena kumayambiriro kwa August, kumachitika Kuninkuusravit, mpikisano wa ufumu umene unayamba mu 1924 mumzinda wa Lahti. Umasinthasintha mizinda. Akavalo amathamanga mitunda itatu pa masiku awiri, mamita 2,100, kenaka 1,609, n'kumalizira 3,100, ndipo wamphongo wopambana amavekedwa ufumu, wamkazi naye ufumukazi. Kavalo wina dzina lake Viesker anatenga ufumuwo kasanu motsatizana, kuyambira 1996 mpaka 2000. Chisankho chake n'chapoyera, palibe zoti mavoti abedwa.

Kasitomala wachiwiri ndiye anandidabwitsa. Ndi atsikana. Mukalowa m'khola la sukulu yophunzitsa kukwera kavalo, mupeza asungwana a zaka khumi, khumi ndi ziwiri, ndi amayi awo, amuna n'ngowerengeka. Akaweruka kusukulu amathamangira kukhola, kukapesa kavalo, kuwola ndowe, kutunga madzi, ena mwaulere, bola apatsidwe mpata wokwera. Ine amene ndinakula ndikuthawa ntchito ya m'khola la mbuzi ndinachita manyazi. Kumudzi wa Ypäjä, kumwera chakumadzulo kwa dzikolo, kuli koleji yonse ya za akavalo, kumene anthu amaphunzira kuweta, kuphunzitsa okwera, ngakhale kukhomera zitsulo kuziboda. Ndipo mayi wina wa ku Finland, Kyra Kyrklund, anatenga mendulo ya siliva pa mpikisano wa dziko lonse ku Stockholm mu 1990 atakwera kavalo wotchedwa Matador, pa masewero oyendetsa kavalo mwaluso ngati akuvina.

Koma tisanamizane, masewerowa ndi odula. Kavalo amafuna udzu wouma wa miyezi yonse yachisanu, khola lofunda, dokotala ndi zitsulo zakuphazi. Si banja lililonse lingakwanitse.

Apa ndi pamene atsikana ena anachita zanzeru. Amasoka mutu wa kavalo ndi nsalu, n'kuyikamo thonje, n'kuumangirira kundodo. Amautcha keppihevonen. Ndodoyo amaipanira pakati pa miyendo n'kumathamanga, kudumpha mipiringidzo ndi miyendo yawoyawo. Musaseke msanga. Ndinaona mtsikana akudumpha mpiringidzo wondifika m'chiuno, ine ndikanathyoka mwendo. Ali ndi mpikisano wa dziko lonse mumzinda wa Seinäjoki, ndipo mu 2017 Selma Vilhunen anatulutsa filimu ya Hobbyhorse Revolution imene inawatchukitsa kunja. Amene ali ndi dzanja labwino pa singano amagulitsa mitu imeneyi kwa anzawo pa intaneti, ndipo yosokedwa bwino siitsika mtengo. Mwana wa sukulu ali ndi geni yake!

Mu 2007, pokumbukira zaka 100 za kaundula uja, suomenhevonen analengezedwa kukhala kavalo wa fuko. Lero alipo pafupifupi 20,000, ndipo oweta amadandaula kuti ana obadwa pachaka ndi ochepa. Ku Vermo kuja mpikisano wotsatira utayandikira, mdala uja anapukuta magalasi, napisa m'thumba, n'kubwerera pawindo lobetchera.