Kodi N'chiyani Chikongoletsa Galimoto?

Magalimoto ambiri amene tiwaona pamsewu anapangidwira kunyamula anthu ndi katundu, ndipo palibe munthu amene atembenuka kuwayang'ana. Koma ulipo mtundu wina wa galimoto, yaifupi msinkhu, ya mipando iwiri kapena itatu yokha, imene ntchito yake ndi liwiro. Angelezi atchuka kwambiri popanga magalimoto otere. Ine ndiwakonda ndithu, ngakhale sindinakhalepo nayo ndi imodzi yomwe. Changa ndi kudyetsa maso basi. Tsono powayang'ana ndakhala ndikudzifunsa kuti, kodi n'chiyani chiwakongoletsa? Ena ati ndi utoto, ena ati ndi zitsulo zonyezimira. Ine nditi galimoto ikongola pamene maonekedwe ake abadwa kuchokera ku ntchito yake.

Tiyambe ndi mmisiri wina dzina lake Malcolm Sayer. Munthu ameneyu anayamba wagwira ntchito yopanga ndege ku Bristol, ndipo pambuyo pake analowa ntchito kwa a Jaguar ku Coventry. Iye anadziwa kuti mdani wamkulu wa galimoto yothamanga ndi mphepo. Monga madzi akankha bwato, momwemonso mphepo ikankha galimoto. Chifukwa chake Sayer ankawerenga masamu kuti apeze kupindika koyenera kwa thupi la galimoto. Ankamatanso tizingwe taubweya pathupipo, nayang'ana m'mene tikuulukira pamene galimoto ili pa liwiro. Motero anatha kuona njira ya mphepo, chinthu chosaoneka ndi maso.

Galimoto yake yotchedwa D-Type inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, m'dziko la France, zaka zitatu zotsatana: 1955, 1956 ndi 1957. Kumbuyo kwa mutu wa woyendetsa inali ndi chipsepse chonga cha nsomba. Ambiri anachiyesa chokometsera, koma ntchito yake inali yoti galimoto isayende njengunjengu pothamanga kwambiri.

M'chaka cha 1961, ku Geneva, a Jaguar anaonetsa anthu galimoto yatsopano ya pamsewu, dzina lake E-Type. Taiganizirani, inu awerengi. Mphuno yake ndi yaitali, pafupifupi theka la galimoto yonse, pakuti m'menemo mugona injini ya masilinda 6 ondandalikana mzere umodzi. Kukamwa kwake ndi kobulungira ngati dzira, kongokwanira kulowetsa mpweya woziziritsa injini. Nyali zake zibisala m'kati mwa magalasi osalala, kuti mphepo ingotsetsereka. Oiyesa anafika nayo mailosi 150 pa ola limodzi, koma mtengo wake unangopitirira pang'ono mapaundi 2,000, ndiko kuti pafupifupi theka la mtengo wa Aston Martin ya masiku omwewo. Mu 1996 nyumba yosungiramo zaluso ya ku New York, Museum of Modern Art, inatenga E-Type imodzi niiika pamodzi ndi ntchito za amisiri otchuka.

Koma makolo anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. E-Type yoyambayo inali yothina, kotero kuti munthu wamtali ankasowa poika miyendo, ndipo m'kati mwake munkatentha. Magalimoto ambiri a nthawi imeneyo sankatetezanso bwino munthu pangozi. Tsono boma la America, kumene Angelezi ankagulitsa magalimoto awo ochuluka, linaika malamulo atsopano. Pofika 1968 magalasi ophimba nyali za E-Type anali atachotsedwa.

Imene inavutika koposa ndi MGB, galimoto yaing'ono yopangidwa ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, imene anapanga zoposa 500,000. Mu 1974 anaichotsa mabampala ake opyapyala achitsulo chonyezimira, naiveka ena akuda, onenepa, onga mphira. Anaikwezanso msinkhu pang'ono kuti igwirizane ndi lamulo. Nkhope yake inasanduka yolemera, ndipo pokhota sinakhazikikenso pamsewu monga kale. Lamulo sindilitsutsa ayi, pakuti moyo wa munthu uposa kukongola kwa chitsulo. Chimene chinalakwika ndi chakuti chitetezocho anachita chophatika pamwamba pa thupi limene linapangidwa popanda kuchiganizira. Chigamba, ngakhale chikhale cholimba chotani, chioneka kuti ndi chigamba.

Alipo anthu amene anena kuti kukongola kunatha ndi magalimoto akale. Pamenepa ine sindivomera. Taonani Lotus Elise, imene inatuluka mu 1996 ndipo inaleka kupangidwa mu 2021. Mafupa ake ndi a aluminiyamu, olumikizidwa ndi guluu wolimba, ndipo yoyambayo inkalemera makilogalamu 725 okha kapena cha pomwepo. Injini yake ikhala kumbuyo kwa mipando, motero mphuno yake ndi yaifupi, ndipo m'nthiti mwake muli mabowo olowetsa mpweya ku injiniyo. Sifanana ndi E-Type mpang'ono pomwe, koma mwambo wake ndi womwewo: pamene pakhala injini ndi pamene pauza thupi m'mene lidzaonekere.

Taonaninso McLaren F1 ya 1992. Mwini maganizo ake anali Gordon Murray, wobadwira ku Durban m'dziko la South Africa, ndipo wojambula thupi lake anali Peter Stevens. Murray anafuna kuti woyendetsa akhale pakati penipeni, kuti aone msewu bwino mbali zonse ziwiri, ndipo okwera awiri akhale m'mbali mwake chakumbuyo pang'ono. Galasi lake lakutsogolo lozungulira, ndi zitseko zake zotsekukira kumwamba, zonse zinatsata ganizo limenelo. Anapanga 106 zokha, ndipo imodzi inapambana ku Le Mans mu 1995.

Wina anganditsutse nati, "Nanga Morgan?" N'zoona kuti amisiri a ku Malvern asunga maonekedwe a zaka za m'ma 1930, ndipo amanga thupi la galimoto pa mitengo ya mtundu wa ash, naliphimba ndi aluminiyamu pamanja. Ogula Morgan agula chikumbutso cha kale, ndipo ndivomera kuti chikumbutso nachonso chikondweretsa mtima. Koma ngakhale pamenepo, chimene chikopa maso ndi ntchito ya manja yooneka poyera, yosabisika ndi zokometsera.

Nkhani imeneyi si ya olemera okha ogula magalimoto. Wosema mpini, woumba mbiya ndi wosoka malaya onse akumana ndi funso lomwe anakumana nalo Sayer. Mmisiri wothamangira zokometsera apanga chinthu chonyezimira lero, chotopetsa mawa. Koma wofunsa poyamba kuti, "Kodi chinthu ichi chidzagwira ntchito yanji?" nachotsa zonse zosafunika, apanga chinthu chimene adzukulu adzaimirira kuchiyang'ana. Tsiku lina mukadzaona galimoto yotere, kapena chithunzi chake, musayambe ndi utoto. Yambani mwafunsa kumene kuli injini, ndi kumene mphepo idzera.