Mtengo wa Tsitsi Kwathu ku Mapiri

Kwathu ku mapiri a Ntchisi ndi Dowa, munthu wofuna kudziwa m'mene chaka chayendera sasowa kusuzumira m'nkhokwe za eni ake. Angoima pamsika wa Mponela, wa Madisi kapena wa Malomo ndi kuyang'ana mitu ya amayi odutsa. Fodya akagulidwa bwino ku Kanengo, soya ndi mtedza zikapeza ogula, mitu imasandulika: ina yolukidwa timizere tosalala, ina yolendewera tizingwe mpaka m'chiuno, ina yonyezimira ngati nthenga za khwangwala. Koma m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ufa wachepa m'nyumba ndipo ndalama zonse zathera ku feteleza, mitu yomweyo imabisala m'maduku, eni masaluni n'kumangokhala pakhomo kuwerenga galimoto zodutsa. Tsitsi limamera laulere pamutu pa wolemera ndi wosauka yemwe, komabe masiku ano banja liyenera kuliwerengera pamodzi ndi mchere, sopo ndi fizi ya ana.

Sizidali chomwechi kale. Agogo anga aakazi, amene adakulira m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, sadalipirepo ngakhale tambala imodzi kamba ka tsitsi lawo. Madzulo a Loweruka amayi ankayala mphasa pansi pa kachere, wina n'kukhala pansi, mnzake n'kukhala pakampando kumbuyo kwake, nkhani za m'mudzi zili m'kamwa. Malipiro ake adali amodzi okha: lero ndakuluka, sabata yamawa udzandiluke. Mafuta ankayenga okha kuchokera ku nsatsi, ndipo chogula kusitolo udali ulusi wakuda womangira tsitsi basi. Wofuna tsitsi lowongoka ankatenthetsa chipeso chachitsulo pamakala, khutu likapsa anzake n'kumuseka. Pa nkhani ya tsitsi, mawu akuti mtengo ankatanthauza malo amthunzi. Amuna nawonso ankametana okhaokha ndi sizasi kapena lezala, ndipo tsitsi lometedwalo linkakwiriridwa mosamala powopa anthu a mitima yoipa.

Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1990. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, lamulo la mu 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, mwakuti alendo ena ochokera kunja ankametedwa atangotsika ndege. Lamulo la kavalidwelo litachotsedwa mu 1993, masitayelo a maiko ena adalowa ngati madzi osefukira, kudzera m'makanema ndi mwa abale obwerera kuchokera ku Joni. Nthambo za magetsi zitayamba kufika m'misika ya kumidzi, pambali pa chigayo padayamba kulira kamakina kometera. Nayonso nthenda ya Edzi, imene idapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, idachititsa anthu kuopa lezala imodzi yozungulira mudzi wonse, motero mnyamata wokhala ndi makina ndi kabotolo ka sipiriti sadasowe omumetetsa.

Mitengo ya masiku ano ndi bwino kuiyeza ndi zinthu za pakhomo, pakuti makwacha sakhazikika. Ngakhale eni masaluni amailemba ndi choko pabolodi podziwa kuti aifufuta posachedwa. Kumeta kwa mwamuna kapena mwana wa sukulu ndiko kotsikitsitsa, sikufika pa mtengo wa buledi mmodzi. Kutsuka tsitsi ndi kuliumitsa kumakwererako pang'ono, chimodzimodzinso kupaka zikhadabo utoto uja timautcha kyutekisi. Kuluka timizere ndi tsitsi la mwini wake kungafanane ndi ganyu wa tsiku limodzi kapena awiri. Pakangolowa meshi, ndiye kuti nkhuku yapita, mwina ziwiri. Wigi ya tsitsi lenileni la munthu, imene atsikana amati ndi ya ku Brazil, mbuzi yathunthu siikwana. Mkwatibwi ndiye amasenza zonse pamodzi: tsitsi, zodzola kumaso ndi zikhadabo zomata, zimene sizingathe sabata ziwiri padzanja loti mawa likatola nkhuni ndi kutong'ola chimanga.

Ambiri akamva mitengo yotereyi amati oluka tsitsi akulemera. Ine ndili ndi chifukwa chokanira. Akulu anga, obadwa nawo bere limodzi, akhala akuluka tsitsi pa Mponela kwa zaka zoposa khumi, ndipo nthawi zambiri ndimawathandiza kuwonkhetsa m'kabuku kawo ka ndalama. Kabukuko n'kakang'ono, kothimbirira ndi mafuta, koma kamaulula bwino lomwe kumene ndalama ya kasitomala imapita ikachoka pamfundo ya chitenje.

Gawo lalikulu limathera pa meshi. Meshi si tsitsi ayi, ndi ulusi wopangidwa m'fakitale. Mtundu wake wodziwika kwambiri, kanekalon, ndi wa kampani ya ku Japan yotchedwa Kaneka. Amalonda amabwera naye kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa chipata cha Songwe, kapena kuchokera ku Johannesburg, n'kumutula m'masitolo a mu Lilongwe, kumene akulu anga amakaoda. Tsitsi lenileni la munthu nalonso limayenda ulendo wautali. Lambiri limachokera ku India, kumene pa kachisi wa Tirumala anthu zikwizikwi amameta mpala tsiku ndi tsiku popereka nsembe, akuluakulu a kachisiyo n'kuligulitsa kwa amalonda. Nthawi zina ndimaganiza za agogo anga aja, okwirira tsitsi lawo kuti mlendo asalione, kuti akadanena chiyani akadamva kuti adzukulu awo akugulitsa mbuzi kuti avale tsitsi la munthu wosamudziwa.

Katundu yenseyu amagulidwa ndi ndalama zakunja. Tsono kwacha ikagwa mphamvu, woyamba kumva kuwawa ndi woluka tsitsi wa pamsika wa kumudzi. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Maulendo onse awiri akulu anga adapita ku Lilongwe ndi ndalama zomwe ankapita nazo nthawi zonse, koma adabwerako ndi chikwama chopepuka. Pamenepo n'kuti mtengo wa minibasi nawonso utakwera.

Gawo lina ndi la magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankazima maola ambirimbiri pa tsiku. Kapichira ali kutali ku chigawo cha kummwera, koma chipewa choumitsira tsitsi cha pa Mponela chidakhala chete ngati mphika wovundikira. Anyamata ometa ena adagula mabatire ndi masola, ena adabwereka majenereta ofuna petulo. Mwini nyumba sadatsitse lendi poti kulibe magetsi, ndipo wotolera ndalama za chiphaso sadaleke kubwera. Onjezanipo madzi otungitsa, sopo, mafuta odzola m'mutu, zipeso zothyoka ndi matawulo. Zonsezi zikachotsedwa, chotsala ndicho malipiro a manja.

Apa ndi pamene mtima wanga umandipweteka. Tizingwe tating'onoting'ono, timene atsikana amatikonda chifukwa timakhalitsa, timalukidwa kuyambira dzuwa likutuluka mpaka nkhuku zikulowa m'khola. Maola onsewo woluka amakhala chiimire kapena chiweramire, zala zikuyenda mosalekeza, nsima ya masana n'kudya cha m'ma 4 koloko itazizira. Akulu anga zala zawo zimatupa nthawi ya chisanu, ndipo chisanu cha ku mapiri kuno m'miyezi ya Juni ndi Julayi si chamasewera. Msana wawo udayamba kudandaula asanakwanitse zaka makumi anayi. Mu Febuluwale 2024, boma litakweza malipiro otsikitsitsa a wantchito kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, iwo adangomwetulira, chifukwa munthu wodzilemba yekha ntchito alibe bwana woti amusonyeze lamulolo. M'mwezi womwewo, umene ndi wa njala, kabuku kaja sikadayandikire n'komwe pa nambala imeneyo.

Chodabwitsa ndi ichi. Mayi akalowa m'sitolo kukagula meshi, amalipira mtengo wolembedwa popanda kutsutsa, poti mwini sitolo ndi mlendo ndipo katundu ndi wochokera kunja. Koma akafika pasaluni mawu amasintha.

"ANaphiri, kodi ife si anansi? Tandichotserani pang'ono. Meshi ndabwera naye ndekha, inu mungoikapo manja basi."

"Amayi, manja omwewo ndiwo munda wanga. Ana anga amadya momwemu."

"Ha, inunso! Kale tinkalukana ulere pansi pa mtengo."

Mawu otsirizawa ndawamva kambirimbiri, ndipo ndikhulupirira kuti ndiwo muzu wa nkhani yonse. Mitima yathu idakali pansi pa kachere paja, pamene kuluka kudali chithandizo cha pachibale. Tidavomera kuti ulusi wa ku Japan ugulidwe, kuti magetsi alipiridwe, kuti minibasi ilandire zake, koma sitidavomerebe kuti luso la mnansi ndi ntchito. Chimene timaiwala n'chakuti kuluka kwa kale kuja sikudali kwaulere kwenikweni. Wolukidwa lero ankabweza sabata yamawa ndi manja ake omwe. Kasitomala wa lero sadzabweranso kudzaluka akulu anga, sadzawalimira mzere ngakhale umodzi, sadzawatungira madzi. Amafuna mtengo wa pachibale popanda udindo wa pachibale. Ena ndiye amalukitsa pangongole, amvekere, "Ndidzalipira bambo a kunyumba akagulitsa fodya." Tsitsi limamasulidwa patatha mwezi, fodya n'kugulitsidwa, ngongole ili chikhalire m'kabuku, ndipo kuikumbutsa pamaliro kapena kutchalitchi kumene amakumana n'kochititsa manyazi.

Manja otchipa koposa onse m'boma la Dowa ali ku Dzaleka. Malo amenewa, omwe ali pafupi ndi boma la Dowa, kale adali ndende ya andale, ndipo mu 1994 adasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Chiwerengero cha okhalamo chidapitirira 50,000, ambiri mwa iwo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Amayi a ku Congo ali ndi dzanja pa tsitsi, izi palibe angatsutse, ndipo masitayelo ena amene akulu anga amanyadira adawaphunzira kwa mayi wina wa kumeneko amene adakhalapo nawo pa Mponela. Mu Meyi 2023 boma lidayamba kubwezera kumsasa othawa kwawo onse amene ankakhala m'matauni ndi m'misika, mayi uja n'kupita nawo. Manja aluso ambirimbiri adaunjikana malo amodzi kulimbirana mitu yochepa. Anthu ena amayamikira kuti ku Dzaleka kuluka n'kotchipa, ngati kuti ndi mwayi wogwa kumwamba. Kutchipako kumachokera pa kupanikizika kwa munthu amene saloledwa kukafuna ntchito kwina.

Palinso mtengo wina umene sulembedwa pabolodi. Tizingwe tikamangidwa mothina kwambiri kwa zaka zambiri, tsitsi la pamphumi limathothoka ndipo nthawi zina silimeranso. Mankhwala owongolera tsitsi amatentha khungu la pamutu akakhalitsa, ndipo mu 2022 akatswiri a bungwe la National Institutes of Health ku America adapeza kuti amayi owagwiritsa ntchito kawirikawiri amadwala khansa ya chiberekero mochuluka kuposa anzawo osawagwiritsa ntchito. Kasitomala amakumana ndi mankhwalawa kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu. Wogwira ntchito m'saluni amawapuma ndi kuwakhudza sabata iliyonse, m'kachipinda kopanda zenera lokwanira, nthawi zambiri ndi manja osavala kanthu, pakuti magolovesi nawonso ndi ogula.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, ambiri mitu yanu ndi yometa chifukwa cha malamulo a sukulu, ndipo ndikudziwa kuti atsikana ena akuwerenga masiku. Sabata imene mayeso a Fomu 4 amatha ndi imodzi mwa sabata zabwino kwa akulu anga. Atsikana amabwera m'timagulu, tsitsi lidakali lalifupi moti kuligwira n'kovuta, zithunzi za masitayelo zili m'mafoni, ndalama zochokera kwa alongo awo a ku Joni zili m'manja. Ndi iwowa amene adawapatsa maganizo osintha kalembedwe ka pabolodi, poti ana a sukulu amakonda kuwerenga chilichonse cholembedwa pakhoma. Tsopano bolodi lija adaligawa pawiri ndi mzere wa choko. Mbali imodzi adalembapo kuti "Meshi ndi mankhwala," mbali inayo kuti "Manja." Makasitomala ena amawerenga n'kukhala chete, ena amanenererabe monga kale. Manambala a mbali yoyamba afufutidwa katatu chiyambire Khirisimasi yapitayi. A mbali yachiwiri choko chake chayamba kufwifwa, koma akadali omwe aja.